Nyimbo ya Mayi pa Chulu

Dzulo ku Tengani ndinapeza adzukulu anga awiri pa golosale, akukangana za mtsikana woimba nyimbo ya sewero la pa kanema.

"Mawu amenewa ndi ake enieni," anatero wamkulu.

"Bodza iwe, amamukonzera ndi makina!"

Ndinawafunsa ngati akweza mapira pa nsanja, poti Shire wayamba kufiira. Anati, "Agogo, nyimboyi ithe kaye." Ndinalibe mphamvu zokalipa. Ndinangokhala pansi.

Ndili mwana, madzi anatipeza m'mawa ku dimba, ine ndi mayi. Tinathawira pa chulu, bango litatizinga mbali zonse. Matope ankanunkha, nyerere zikutikwera m'miyendo. Kenaka mayi anayamba nyimbo ya pamtondo, mokweza, ndi mawu awo osasa aja.

Ndinakwiya. Mbuzi zathu zapita ndi madzi, iwo akuimba!

"Mayi, mukusangalala chiyani?"

"Khala chete, gwira chitenje changa."

Anaimba mpaka kukhosi kunauma, osaleka. Dzuwa litapendeka, mwadiya, bwato la asodzi, unatulukira m'bango. Wopalasa anati, "Mukanasiya, mayi, tikanabwerera."

Ndinachita kukula kuti ndimvetse kuti m'bango munthu saoneka, amangomveka.