Bondo Lomwe Linakana Kugwada

Ambiri mu mpingo muno tinkangowadziwa kuti Anasimbi, dzina lomwe linabwera chifukwa cha ntchito yawo yosita zovala. Anali achisamba m'banja la ana ambiri. Mayi awo atayamba kudwaladwala, iwo anasiyira sukulu panjira kuti alere abale awo, ndipo simbi anaigwira manja adakali anthete.

Atakwatiwa ndi mmisiri wosoka nsapato, anatsegula kachipinda kuseri kwa nyumba. Munali tebulo lalitali, bulangete lopserera m'mphepete, ndi chingwe chopachikapo malaya a anthu. Loweruka lililonse ankasita nsalu za paguwa ndi mikanjo ya kwaya mongodzipereka. Asanagwire simbi ankayamba agwada pambali pa tebulo. Ankakonda kunena kuti, "Wopemphera choimirira ndiye kuti ali ndi kwina kothamangira."

Amuna awo atamwalira, mwana wawo anakwatira n'kubweretsa mkazi pakhomo. Kunena zoona, Anasimbi ndi mpongozi wawoyo sankamwerana madzi. Iwo ankamuona ngati wozizira, ndipo malaya amene iye wasita ankawabwereza mwakachetechete.

Tsiku lina mvula itangokata, anaterereka pa masitepe a tchalitchi atanyamula mtolo wa nsalu. Fupa la ntchafu linathyoka, bondo n'kuphwanyika. Madokotala anaikamo zitsulo. Bala litapola, mwendo unali utauma gwa, ndipo anawatumiza ku mafizo kuti ukaphunzirenso kupinda ndi kuponda.

M'chipinda cha mafizo munali zitsulo ziwiri zogwirira poyenda, galasi lalikulu pakhoma ndi njinga yopalasa pamalo amodzi. Dokotala wa kumeneko, mayi wamfupi wansangala, anawagwira chidendene n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono. Anasimbi, amene sankadziwika ndi kulira, anakuwa mpaka a panja anamva.

"Sindidzapondakonso kumeneko," anauza mpongozi wawo atafika kunyumba. "Ambuye akafuna kuti ndiyende, ndidzayenda."

Mpongoziyo anali akuwapukuta mapazi. Anayankha osadzutsa mutu. "Amayi, mikanjo ya kwaya ija mumangoipempherera, makwinya n'kuthawa okha?"

Anasimbi anamuyang'anitsitsa, kenako anaphulika kuseka mpaka misozi. "Iwe, ndimayesa m'kamwa mwakomo mulibe lilime!"

Kuyambira pamenepo sanajombenso. Kunyumba mpongozi ankakoloweka thaulo kuphazi, iwo n'kumakoka, thukuta lili kamukamu. Ululu ukafika pachimake, milomo yawo inkagwedera. Dokotala atafunsa zomwe ankanong'ona, anati, "Ndikupempherera ondizunza, adokotala, ndipo inuyo muli patsogolo."

Miyezi inapita. Anasiya njinga ya olumala, anayenda ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. Koma bondo linafika pena n'kukaniratu. Dokotala anakhala nawo pansi n'kuwauza mosabisa: "Kuyenda muziyenda, mayi anga, koma kugwada ayi." Mawu amenewa anawapweteka kuposa kuthyoka kuja.

Lamulungu lomwe anabwerera ku tchalitchi, anthu onse atagwada, iwo anatsala chikhalire, mutu uli pamwamba pa aliyense. Anachita manyazi. Atacheuka, anaona kuti sali okha. Kumbuyo kunali nkhalamba zingapo, mayi wodwala ndi bambo wopanda mwendo, onse atakhala, maso atatsinzina. Zaka zonsezo anali asanawaonepo, chifukwa nthawi imeneyo iwo amakhala atagwada kutsogolo. Sabata yotsatira anasamukira ku benchi ya kumbuyo, ndipo mawu awo aja onena za wopemphera choimirira sanawanenenso.

Kuimirira nthawi yaitali kunali kosatheka, choncho simbi anaipereka kwa mpongozi. Nthawi yomwe inatsala anaigwiritsa ntchito ina. Akamva kuti wina wasiya mafizo chifukwa cha ululu, ankatsimphina mpaka pakhomo pake. Sankalalikira. Ankakweza nsalu pang'ono, kuonetsa chipsera chachitali chija, n'kunena kuti, "Zimawawa, sindikunamizani. Valani, ndikuperekezani." Woyendetsa galimoto wina amene anathyoka miyendo yonse pangozi amachitira umboni kuti anabwerera ku mafizo chifukwa chochita manyazi kuimika gogo wa ndodo pakhomo.

Mu ukalamba wawo mtima unayamba kufooka. Anagona masiku owerengeka, osadandaula. M'mawa wotsiriza, abusa atawapempherera, anaitana mpongozi n'kumugwira dzanja.

"Ndinapempha Mulungu mwana wamkazi, n'kumadandaula kuti sanandiyankhe," anatero motsitsa mawu. "Chonsecho unali m'nyumba mwanga momwemo. Zikomo, mwana wanga."

Anatsinzina ngati wogona, osadzukanso.

Lero mu mpingo muno muli kagulu kamene kamaperekeza ovulala ku chipatala, ndipo ambiri mwa operekezawo amayenda chotsimphina. Palibe amene anakakhazikitsa pamsonkhano. Aliyense anangochitira mnzake zomwe anachitiridwa. Ambuye awalandire mtumiki wawo mu mpumulo wosatha.