Diresi Imene Anadula Alamu

Amayi Sizasi anasoka zovala zaka makumi atatu m'kachipinda kothina, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala. Dzinalo anthu anawapatsa chifukwa cha lilime lawo, osati ntchito. Mawu oti "mwachita bwino" pakamwa pawo sankatuluka, olo mutawathira tsabola.

Ankagwira ntchito ndi alamu awo, mkazi wa achimwene awo, mayi wofatsa woyenda ndi choko kukhutu. Alamuwo ndiwo ankayeza ndi kudula nsalu. Amayi Sizasi ankalumikiza pamakina n'kumacheza ndi makasitomala. Munthu akati chovala chamukhala, iwo ankatambasula zikhatho n'kunena kuti, "Manja anga awa!" Alamu ali pomwepo, duu, mapini kukamwa.

Alamuwo anadwala masiku anayi okha n'kumwalira. Anasiya patebulo diresi yaukwati yodula kale, ya mwana wa aphunzitsi a Chingerezi, ndipo ukwatiwo unali Loweruka la sabata yotsatira. Pamaliro Amayi Sizasi sanagwetse msozi. Atangoika maliro anabwerera pamakina, n'kuisoka diresi ija masiku awiri.

Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu, mkwatibwi anabwera ndi mayi ake, aphunzitsi aja, kudzayesa. Diresi inamukhala ngati anabadwa nayo.

"Koma anadula ndani zokongola chonchi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndani winanso? Ndine."

Pomwepo msoko wakumanzere unayamba kumasuka, kuchokera m'khwapa kutsikira m'chiuno. Sunang'ambike ayi. Ulusi unkatuluka pang'onopang'ono, bowo ndi bowo, ngati pali munthu woleza mtima amene akuukoka ndi singano. Onse atatu anangoti kakasi, mpaka ulusiwo unagwa pansi wathunthu.

"Ulusi wa masiku ano ndi wachabechabe," anatero Amayi Sizasi. Anauza alendowo kuti abwerenso mawa. Msokowo anaubwereza katatu ndi ulusi wina. Akusoka, msana wawo unkawauza kuti pampando wa alamu pakhala munthu. Sanacheuke.

Lachisanu mkwatibwi anavalanso. Mkazi wa ometa tsitsi anasuzumira pakhomo n'kufuula kuti, "Eee, Amayi Sizasi, manja anuwa ndi ena!" Iwo anangogwedeza mutu kuvomera. Basi, msoko uja unayambanso, ndipo wakumanja nawo unatsatira. Mkwatibwi analira, wagwira diresi pachifuwa kuti isagwe.

Aphunzitsi anakhala pampando wa makasitomala n'kuvula magalasi.

"Mayi, azungu ali ndi mwambi umene ndimaphunzitsa ana chaka ndi chaka. Umatchula Satana, kuti nayenso akachita chinthu bwino, usamumane ulemu wake. Amaunena pa munthu amene sugwirizana naye, koma ntchito yake ukuiona ndi maso. Ana amauloweza n'kukhoza mayeso. Akuluakulu ndi amene umawakanika."

"Alamu anga sanali Satana!" anakalipa Amayi Sizasi.

"Nanga chikukuvutani n'chiyani? Ukwati wa mwana wanga ndi mawa."

Ulusi unali ukutulukabe. Amayi Sizasi anayang'ana mkazi wa ometa tsitsi, wamiseche uja, n'kudziwa kuti chimene anene chifika kumsika dzuwa lisanapendeke. Anachita manyazi, manyazi enieni owotcha kumaso.

"Anadula ndi alamu anga," anatero. "Ine kudula sindidziwa. Kolala yokha imandikanika. Zonse zimene mwavala anthu inu zaka zonsezi, anali iwowo. Anali katswiri, ndipo sindinawauzepo."

Ulusi unaima pomwepo, utalendewera. Anasoka kamodzi kokha, ndipo Loweruka mkwatibwi anavina mpaka kuvula nsapato, msoko osasuntha.

Lolemba Amayi Sizasi anatsegula chitseko n'kuima pakati pa chipinda. Msana wawo sunawauze kanthu. Mpando wa alamu unali mpando basi. Anatenga malaya omaliza amene alamuwo anadula, n'kuwakweza m'mwamba.

"Awa ndinadula ndine," ananama mokweza.

Anadikira, maso ali pamsoko. Anabwerezanso.

"Alamu, mwamva? Ndati ndine!"

Palibe ulusi umene unasuntha. Apo m'pamene anakhala pansi, pasimenti, n'kulira maliro a alamu awo, mpaka ometa tsitsi anazimitsa makina awo.