Diresi la Muyezo wa Kadona

Mng'ono wanga ndi telala, ndipo luso ali nalo, pamenepo sinditsutsa. Matenda ake ndi foni. Kwa iye chimwemwe chosajambulidwa si chimwemwe ayi. Mwana wake akaseka foni ili kutali, amamuuza kuti, "Sekanso, mami, sindinajambule."

Mwanayo timamutcha Kadona, wangoyamba kumene sukulu. Sitayilo iliyonse yatsopano, mng'ono wanga amayamba wasoka kadiresi kakang'ono, kumuveka Kadona, kumuimika pakhomo pa shopu, n'kuponya chithunzi pa intaneti. Zina amajambulira pageti pa sukulu, chikwangwani chikuoneka bwinobwino kumbuyo.

Ndinamuuza ine, "Iwe, mwanayu wamuyanika ngati chovala pachingwe."

Anandiseka. "Achemwali, inu ndinu achikale. Makasitomala amabwera ndi zimenezi."

Ankabweradi. Mmodzi anali mayi wina wosaonetsa nkhope yake pa intanetipo. Chithunzi cha Kadona chikangotuluka, woyamba kulemba anali iye: "Mwana wathu akukula." Wathu? Wathu ndi ndani? Ine mawu amenewo ankandiimitsa tsitsi.

Tsiku lina ndili kushopu mayiyo anatulukira, wofatsa, wonunkhira bwino, n'kunena kuti ndi iye uja wa pa intaneti. Ankadziwa kuti Kadona amaopa agalu, kuti dzino lakutsogolo laguluka, ngakhale kanyimbo kamene amaimba posamba. Mng'ono wanga kumangomwetulira ngati amuveka mendulo.

"Mundisokere diresi lachikasu lija la pachithunzi, asisi," anatero mayiyo.

"Mubwere naye mwanayo ndimuyeze."

"Musavutike. Muyezo wa Kadona womwewo."

Mng'ono wanga anasoka, n'kusokerera pakolala kansalu ka dzina la shopu monga amachitira ndi chovala chilichonse. Mayiyo analitenga Lachinayi m'mawa.

Masana ake ndinamuperekeza mng'ono wanga kukatenga mwana kusukulu. Ana anatuluka m'magulumagulu mpaka pabwalo panangoti zii. Aphunzitsi anatiyang'ana modabwa.

"Kodi si mwatuma azakhali ake, mayi? Akuti mukufuna kumujambula msanga dzuwa lisanapendeke. Anabwera ndi diresi lachikasu, dzina la shopu yanu lili pakolala. Mwanayo wavala akudumphadumpha."

Kadona azakhali alibe; ine ndine mayi ake aakulu.

Mantha anandigwira. Mng'ono wanga anatulutsa foni. Pansi pa chithunzi chimene anaponya m'mawa panali patabwera mawu atsopano:

"Lamukwana ndendende, asisi. Zikomo."