Thunthu la Nthochi ku Noordhoek

Chaka chimene phiri linagumukira mudzi wathu ku Phalombe, ine ndinali ku Cape Town, ndikusamala maluwa pakhomo pa mayi wina wachizungu ku Noordhoek. Zonse ndinazionera pa foni ngati mlendo: matope, miyala yaikulu ngati nyumba, anthu akufukula ndi makasu. Amayi anapulumuka. Mlongo wanga wondiponda pamutu sanapezeke.

Patatha masabata awiri amayi anaimba. "Mwana wanga, tafunafuna mpaka kudambo, talephera. Tiike nthochi basi, anthu amete. Amalume ako kulibe, mwini mbumba ndi iwe. Tikudikira mawu ako."

Kwathu mtembo ukasowa amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Ndinawauza kuti adikire kaye. Ndikanavomera bwanji? Ndinkaona ngati ndikangoti inde, ndamupha ndine. Mtima sunkakhala m'malo. Ndinkaimba nambala yake m'takisi, pothirira maluwa, pakudya, mpaka anzanga ogona nawo ku Masiphumelele anasiya kundifunsa. Ndinkayamba ntchito iyi, n'kuisiya, n'kugwira ina, n'kupezeka ndangoima ndi fosholo m'manja.

Lamlungu ndinapita kukapemphera kutchalitchi chathu, chinyumba cha malata. Ankalalikira mkulu wa mpingo, bambo wa ku Mzimba amene nkhani ya masiku otsiriza inali ngati ndiwo yake. Anayamba kuwerenga zizindikiro pa zala: chilala chija tinkakhalira pamzere ndi zigubu, moto wa m'mapiri a kuno, mliri, tsopano namondwe wa kumudzi. "Zonsezi zinaloseredwa, abale! Kondwerani, nthawi yatha!" Anthu ameni, ameni.

Ine magazi anawira. Ndinaimirira osapempha mpata. "Abambo, pa zala zanuzo, mlongo wanga ali pa chala chiti?"

Mphepo inkagwedeza denga. Ndinatuluka. Bambo aja ananditsatira, n'kundipeza pa mpopi, akupuma mwawefuwefu. "Sore achimwene, pepani, sindimadziwa. Koma mundimvere ichi chokha. Tsiku limenelo nthaka idzabweza onse amene inameza, ngakhale amene sitinawaone." Ndinali nditakwiya, ndipo chinandikwiyitsanso n'chakuti mawuwo anakana kundichoka m'mutu.

Lolemba abwana anandiitanira kuseri kwa mpanda. Kumeneko kunali nthochi imodzi imene sinabalepo chibzalireni, masamba ake ong'ambikang'ambika ndi mphepo ya kuno. Anati yawatopetsa, ndiidule ndikaitaye kudzala. Iwo za kwathu sankadziwa kalikonse, ankangofuna malo obzalapo zina.

Ndinatema kawiri ndi chikwanje, inagwa. Nditasadza masamba ndinaimika thunthulo kuti ndilisenze bwino, ndipo linandifika m'chibwano. Mlongo wanga ankalekeza pomwepo. Tili ana ndinkamuseka kuti kufupika kwakeko adzakwatiwa ndi mtondo. Ndinaliika paphewa, lozizira, lonyowa, lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo utomoni unandithimbiriza malaya. Nditafika kudzala manja anakana kuliponya. Ndinagwada n'kuligoneka pang'onopang'ono pa udzu, kenako ndinalira kulira kumene ndinakhala ndikukubisa masabata onse aja.

Ndinaimba foni ndili chigwadire. "Amayi, ikani. Koma musadule lalitali, mukudziwa msinkhu wake. Mulikulunge m'chitenje chake chobiriwira chija ngati chinapulumuka." Chitenjecho sichinapulumuke. Anakulunga m'cha amayi.

Kutchalitchi ndinabwerera patatha mwezi, ndipo ndimakhala pa benchi yakumbuyo. Kaya dziko likuthadi kaya ayi, ine sindidziwa, ndipo bambo aja akayamba kuwerenga pa zala sindivomera ameni. Ndimangodikira afike pamene amati nthaka idzabweza anthu ake. Apo ndiye ndimadzutsa mutu. Nthochi ija nthakayo isunge, ine indibwezere mlongo wanga.