Chifu Chodulidwa ndi Kamba wa Azakhali

Tinanyamuka pakhomo pa Linesi ku Oshawa naini koloko itangokwana, Lachiwiri lina la mu Novembala, tili atatu: ine, msuweni wanga Linesi, ndi mayi ake, omwe ndi azakhali anga, aNasibeko a ku Ntcheu. Galimoto ya Linesi tinaisiya pabwalo ili bwinobwino, mafuta odzaza. Tinaitana takisi ya madola khumi ndi anayi kupita ku siteshoni.

Chifukwa chake Linesi anandiuza dzulo lake, nditangofika kuchokera kwanga ku North York. Zaka zinayi zapitazo anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Madokotala amadula chifu n'kusiya kathumba kochepa ngati dzira kuti munthu azikhuta msanga. Kuno ku Ontario boma limalipira opaleshoniyi ngati dokotala wakutumiza, ukadikira pamzere ndi kumaliza makalasi ake. Linesi anatsika makilo makumi anayi ndi asanu, shuga anagona, mapilitsi anasiya. Lero makilo makumi atatu abwerera, shuga wadzuka, ndipo dokotala wayamba kunena za jakisoni. Kliniki ya ku Etobicoke yomwe imatsatira anthu a opaleshoniyi inamupatsa tsiku katatu. Katatu konse ananyamuka pagalimoto n'kukathera pamalo aja ogulira chakudya pawindo osatsika, n'kudya, n'kulira, n'kubwerera kunyumba.

"Sitima siikhota, asuweni," anatero. "Ndikangokwera, ndiye kuti ndafika."

Panalinso china. Akliniki anati abwere ndi munthu amene amaphika pakhomo. Wophika pakhomopo ndi azakhali, ndipo azakhali sankadziwa kanthu. Iwo anauzidwa kuti opaleshoni inali ya ndulu. Ataona zithunzi za mwana wawo atawonda, anavutitsa mpaka anawapezera viza, n'kubwera kudzamudyetsa. Mwana sangauze mayi ake pamaso kuti wawanamiza zaka zinayi, pamafunika wapakati. Ntchito yanga inali kuwauza zoona tisanafike ku kliniki wani koloko.

"Munali mtolankhani inu," anatero Linesi. "Mawu muli nawo."

"Ine ndinkalemba milandu ya kukhoti, osati mimba za anthu."

"Ndiye mlandu womwewu."

Pa siteshoni ya Oshawa tinagunditsa makhadi pakamakina. Ulendo wokafika ku Union, pakati pa mzinda wa Toronto, ndi wa ola limodzi, ndipo umadya madola pafupifupi khumi ndi awiri. Okalamba amalipira cha m'ma theka, zomwe azakhali anati ndi nzeru yokhayo ya boma lino yomwe aiona ndi maso. Sitima zake n'zosanja. Tinakhala pansi chifukwa cha mawondo a azakhali, pamipando inayi yoyang'anizana. Pamiyendo pawo panali kamtolo ka chitenje. Anakamasula sitima isanasunthe n'komwe: mazira owiritsa, mtedza wokazinga, mandasi, ndi zitumbuwa m'chikontena chakale cha majarini.

"Amayi, ndi ola limodzi lokha," anatero Linesi.

"Ulendo ndi ulendo. Munthu sanyamuka wopanda kamba ngati wathamangitsidwa."

Ndinakonza zoyamba kuwauza tikangochoka pa Whitby, siteshoni yoyamba. Ife Amalawi a kuno timalankhula m'sitima momasuka, poganiza kuti Chichewa ndi chipinda chokhoma. Nditangotsegula pakamwa, bambo wina wa jekete yabuluu yemwe anali atangokwera anatembenuka.

"Odi, amai! Namvela Chinyanja apa. Ndine Zulu, wa ku Katete, koma nakulila mu Lusaka. Manje muyenda kuti?"

"Kuchipatala, bambo. Mwanayu akamuyeze shuga. Takhalani apa, tengani."

Bambo Zulu anakhala pampando wachinayi. Anati amagwira ntchito ya mankhwala ku Pickering. Analuma chitumbuwa n'kutseka maso.

"Ivi vitumbuwa, amai, mungaticotse misozi. Na mwana wanu mumusunga bwino. Aoneka ni wa panyumba pali vakudya."

"Mukanamuona nditangobwera!" anatero azakhali. "Mafupa okhaokha, wotchi kumafika pachigongono. Zonsezi ndi manja angawa."

Linesi anaseka pang'ono monga mwa ulemu, maso ali pawindo, pomwe panali nyumba zosungiramo katundu ndi msewu wa 401 wodzaza malole. Bambo Zulu anatsika pa Pickering ndi mandasi awiri m'thumba. Anatidyera gawo lalikulu la ulendo, koma munthu wake anali wabwino.

Sitima ikachoka pa Pickering imayenda m'mbali mwa nyanja ya Ontario, madzi otuwa opanda bwato ngakhale limodzi. Pamenepo ndinayamba. Ndinanena monga tinkalembera nkhani ya tsamba loyamba: ndani, chiyani, liti, kuti. Sinali ndulu, azakhali. Linesi anapempha yekha kuti amudule chifu kuti awonde. Tikupita kwa anthu omwe amamutsatira chifukwa thupi labwerera.

Azakhali anamanga kamtolo kawo pang'onopang'ono, mfundo ziwiri. Tinadutsa siteshoni ya Rouge Hill. Pa Guildwood anafunsa, akuyang'ana ine, osati mwana wawo.

"Anamudula asakudwala?"

"Ndinkadwala, amayi," anayankha Linesi. "Shuga, mawondo. Ndinkagona ndi makina opumira."

"Ndiye kuwonda kuja kunali kofuna?"

"Eya."

"Iwe Linesi." Tsopano anamuyang'ana. "Mlongo wako Yohane anayamba choncho. Kolala ya malaya kukula, khosi kuchepa. Ndinamusambitsa ndekha mpaka tsiku lomaliza. Chithunzi chako chitafika pafoni, ndinati matenda aja abweranso pakhomo panga. Amayi onse a kumpingo anasala kudya chifukwa cha iwe. Mbuzi ndinagulitsa, munda ndinasiyira eni dera."

"Ndinkaopa kuti muziti ndawononga thupi lomwe Mulungu anandipatsa."

"Ndikanatero, inde. Koma ndikanagona tulo."

Panatsala gawo lachiwiri la uthenga, lomwe Linesi anandipempha kuti ndinene mofatsa. Ndinati mwina kuphika kwa pakhomo kusinthe, mafuta achepe, mbale zichepe, chifukwa n'zomwe zabwezera thupi.

"Zophika zanga?" anatero azakhali. "Iwe Joyisi, unadya nafe dzulo. Unaona mbale yake? Nthuli imodzi ya nkhuku, masipuni awiri a nyemba, akuti ndakhuta. Zaka ziwiri zonsezi ndi choncho. Munthu anganenepe ndi zimenezo?"

Ndinaganiza za mbale ya dzulo lija. Ankanena zoona.

"Ine m'nyumba muja ndimasesa," anapitiriza. "Mapepala a chokoleti kuseri kwa makina ochapira. M'matumba a jekete. Zikho za ayisikilimu pansi pa bini, atakwirira ndi zinyalala zina. Ndimati mwana wanga zakudya za kwathu zinamuchoka pakamwa, njala ikumupweteka, akuchita manyazi kundiuza. Ndiye ndinkasintha ndiwo, n'kuwonjezera mafuta kuti mwina zimukomera."

Linesi anaphimba nkhope ndi sikafu. Mtsikana wina wa zomvera m'makutu pampando wa kutsidya anatiyang'ana kamodzi n'kubwerera pafoni yake, monga amachitira anthu a kuno.

"Si njala, amayi," anatero Linesi atapeza mawu. "Njala sindiimva n'komwe. Nyama imakhala pachifuwa ngati mwala, koma chokoleti chimangodutsa. Ndikamamaliza shifiti kunyumba yosamalira okalamba cha m'ma fili koloko, ndatembenuza agogo khumi, wina wandilavulira, wina wamwalira, mutu umayamba kundiuza za sitolo. Ndimati lero ayi. Ndimazindikira ndili kale pamzere. Ndikamadya sindimva kukoma. Ndimangofuna kuti m'mutu mukhale zii."

Apa ndiike mfundo yomwe anthu a kliniki anatsimikiza pambuyo pake. Chakudya cholimba monga nyama ndi nyemba chimadzaza kathumba kaja msanga. Zofewa ndi zosungunuka, monga ayisikilimu, khofi wotsekemera ndi mabisiketi oviika, sizikhalitsamo. Munthu atha kumadya pang'onopang'ono tsiku lonse osakhuta, ndipo opaleshoni siingamuletse.

Tinalowa mu Union ili cha m'ma hafu teni.

Amene sanafikepo pa Union adziwe kuti pansi pake ndi msika wa zakudya. Ukatsika masitepe umakumana ndi fungo la mabanzi a sinamoni, tchipisi ndi khofi, ndipo njira ya ku sitima zapansi panthaka imadutsa pakati pake. Linesi anaima pansi pa chikwangwani cha nthawi za sitima. Ya ku Oshawa inali pafupi kunyamuka.

"Asuweni, tiyeni tibwerere. Ndikansela, ndibukanso Januwale."

"Mwakansela katatu. Kachinayi akakufufutani."

"Akandikweza pasikelo. Akandiona ngati munthu wowononga opaleshoni ya boma. Anzanga omwe ndinali nawo m'kalasi amaika zithunzi ali m'madiresi a sayizi teni."

Anthu ankatilambalala mbali zonse ndi makapu awo. Azakhali anakonza duku lawo.

"Ine ndavala nsapato za kutchalitchi, zikundiluma kuyambira ku Oshawa. Sindibwerera ndisanaone nkhope ya munthu amene anadula mwana wanga. Njira ndi iti?"

Anayamba kuyenda, kulowera kolakwika. Linesi anawathamangira n'kuwagwira mkono, ndipo popeza anali atawagwira kale, anawatsogolera ku zipata.

Sitima yapansi panthaka sinatidye ndalama ina, chifukwa masiku ano ukachokera m'sitima yaikulu ndi khadi lomwelo, sulipiranso. Tinasintha pa St George n'kulowera kumadzulo. Mayi wina wa ku Jamaica anapatsa azakhali mpando, n'kuyamikira chitenje chawo. Azakhali anafunsa kuti wati chiyani. Nditawauza, anati ndimuuze kuti n'cha maliro a apongozi awo, koma zikomo. Ndinamasulira zikomo yekhayo.

Pa Kipling, pothera njanji, tinadikira basi pabenchi yozizira. Linesi anapempha dzira limodzi. Analisenda, n'kudya pang'onopang'ono, kutafuna nthawi yaitali monga anamuphunzitsira, n'kusiya kachidutswa. Azakhali anamuonerera mpaka kumapeto, kenako anandikankhira chikontena cha mandasi ndi zitumbuwa.

"Tenga iwe. Chifu chako n'chathunthu."

Kliniki ili m'nyumba yosanja ya njerwa zofiira, pakati pa sitolo ya matayala ndi malo ochapira zovala. Ndege zotera pabwalo la ndege la Pearson zimadutsa pamwamba pake motsika kwambiri. Mipando ya m'chipinda chodikirira ndi yotakata, yopanda zogwirira m'mbali, ndipo sikelo ili kuseri kwa chitseko, osati pagulu. Tisanalowe azakhali anandigwira dzanja.

"Kwa mayi uja m'sitima unadula mawu anga. Ndinaona pakamwa pako. Muno usadule, anga kapena awo."

Namwino anali mayi wa ku Philippines, wamfupi, wolankhula mwachangu. Linesi anavula nsapato, n'kukwera pasikelo atatseka maso. Namwino analemba nambala osasintha nkhope, n'kunena kuti wachita bwino kubwera, kuti si iye woyamba kubwerera thupi litakwera, ndipo ovuta kuwathandiza ndi okhawo omwe sabwera. Dokotala yemwe anachita opaleshoni sanalipo, zomwe zinakhumudwitsa azakhali. Tinaonana ndi katswiri wa zakudya, kenako mlangizi. Linesi anafotokoza zonse yekha, za mapepala, za galimoto, za fili koloko. Anamulembera zoyeza magazi, tsiku loonana ndi dokotala za mankhwala, ndi gulu la anthu a vuto lomweli lomwe limakumana sabata iliyonse. Palibe anamulonjeza kuti makilo achoka.

Katswiri wa zakudya atamva zomwe azakhali amaphika, anati nyemba, nkhuku ndi masamba zipitirire, mafuta okha achepe, ndipo asamamukakamize kumaliza mbale. Tili kwa mlangizi, azakhali anandikodola.

"Mufunse. Ngati sindimudyetsa, ntchito yanga ndi yotani? Ndibwerere ku Ntcheu?"

Mlangizi anayankha kuti nthawi yoopsa ndi ija Linesi amaweruka kuntchito, ali yekha. Anati azakhali azimuimbira foni akamatuluka kuntchito, akafika azikhala naye, ndipo akanena kuti akufuna chokoleti asamukalipire, asamupatsenso china m'malo mwake. Chilakolakocho chimakwera, n'kutsika chokha.

"Kukhala basi? Ndakwera ndege zitatu kudzakhala?"

Ndinamasulira ndendende. Mlangizi anaseka, n'kuti inde.

"Chabwino. Kukhala ndimatha."

Tinabwerera njira yomweyo, n'kupeza sitima ya ku Oshawa ya cha m'ma folo koloko, yodzaza ndi anthu oweruka. Ndaona Amalawi ambiri kuno akuyamikirana kunenepa ndi kunong'onezana za wowonda, ndipo inenso ndachitapo zonse ziwiri. Pa ulendowu ndinaona mtengo wake: anthu awiri m'nyumba imodzi, wina kubisa mapepala, wina kuwasesa, aliyense poopa kukhumudwitsa mnzake. Ngati muli ndi m'bale yemwe anachitidwa opaleshoniyi, musamufunse kuti watsika makilo angati. Mufunseni nthawi yomwe tsiku limamuvuta.

Titachoka pa Pickering kunja kunali kutayamba kuda. Linesi ankapotokola lamba wa chikwama chake. Kenako ananena mokweza, mwakuti bambo wa pafupi anatukula mutu.

"Amayi, ndikufuna chokoleti. Kwambiri."

Azakhali anali atavula nsapato, mapazi ali pachitenje.

"Ndamva. Pano ndi pati?"

"Tikufika pa Ajax."

"Undiuzenso pa Whitby."