Kambalame ka mphete kumwendo

Ndikukumbukira dambo lathu la kumunsi kwa Lirangwe momwe linkakhalira mvula ikamatsazika. Madzi ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kusiya matope akuda, ofunda, omwe ankatulukira pakati pa zala za kumapazi ukaponda. Bambo anga, a Makwinja, anali ndi kamunda ka mpunga kumeneko, ndipo ntchito yanga, ine Esinati wa zaka khumi, inali yoingitsa mpheta. Bambo anamanga ulusi wa matumba a fetereza modutsa pamwamba pa mpungawo, n'kupachikapo zitini zokhala ndi timiyala. Ine ndinkakhala pachulu n'kumakoka ulusi, ndikukuwa mpaka mawu kusasa. Mpheta zinkandidziwa bwino. Zinkauluka, kuzungulira kamodzi, n'kudzatera kumbuyo kwanga.

Panali mbalame zina zing'onozing'ono zomwe sizinkalakwira munthu. Zinali zotuwa, za miyendo yaitali ndi milomo yopindikira pansi pang'ono. Zinkayenda m'mphepete mwa madzi zikujompha matope mofulumira ngati singano ya makina osokera, ndipo mpunga zinalibe nawo ntchito. Zinkakhala masiku ochepa chabe n'kusowa. Palibe ankafunsa komwe zachokera. Ngakhale dzina sitinazipatse, tinkangoti za m'matope.

Lachinayi lina, m'sabata ya Pasaka, ndinamva zitini zikulira zokha. Nditathamangirako ndinapeza imodzi mwa mbalamezo itakodwa phiko mu ulusi, ikulendewera. Ndinaimasula mosamala ndi mano. M'dzanja langa inali yopepuka ngati chitsononkho, yotentha, kamtima kake kakugunda pa chala changa. Pachifuwa nthenga zinali zitayamba kufiira ngati dothi la katondo. Ndiye ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo: kumwendo kwake kunali kamphete ka chitsulo, kolembedwa zilembo ndi manambala aang'ono kwambiri.

Phiko linali litavulala, moti mbalameyo sinkatha kuuluka. Ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo kunyumba. Ndinaivundikira ndi dengu kuseri kwa khitchini, n'kuiikira mbale yakale yodzaza matope ndi tinyongolotsi. Cholinga changa chinali chimodzi: ipole, ndikaibweze kudambo Lolemba m'mawa anzake asanachoke. Bambo ataiona anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

“Mwanawe, iwe wagwira mbalame yokwatiwa. Mwamuna wake akabwera ine ndikuloza iwe.”

Bambo anali munthu wotero, wokonda zodabwitsa, wofewa mtima. Ndikunena izi kuti amene akuwerenga asawayese munthu woipa.

Loweruka kunabwera Che Amidu kudzasiya njinga yathu. Anali neba wathu, Msilamu, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Lirangwe. Ali mnyamata anakagwirako ntchito ku Joni, ndipo atabwerako ananyamulako katundu pa bwalo la ndege ku Chileka. Bambo anawaonetsa mbalame ija. Che Amidu anapukuta girisi m'manja, n'kuigwira ngati dzira, n'kuzunguza kampheteko padzuwa.

“Kepitauni,” anatero. “Apa palembedwa Kepitauni, mzinda wa ku Joni. Ndinakafikako ine, kuli nyanja yozizira ngati chiyani. A Makwinja, kanthu aka kali ngati kapepala komwe tinkamangirira pa sutikesi ku bwalo la ndege. Anthu ophunzira amaveka mbalame timphete kuti adziwe komwe zimayenda. Uyu ndi mlendo, ali pa ulendo. Mawa masana ndibwera ndi pensulo, tikopere manambalawa, ndiwalembere kalata eni ake kuti mbalame yawo inadutsa pa Lirangwe.”

Ine ndinkangoyandama ndi chimwemwe. Kalata yopita ku Joni, yotchula mudzi wathu, chifukwa cha ine!

Lamulungu la Pasaka bambo analephera kusunga nkhaniyo. Anaifotokozera anzawo pabwalo la tchalitchi mapemphero asanayambe, akuseka. Koma nkhani ikamadutsa m'makutu ambiri imasintha nkhope. Pofika potuluka, azimayi ankanong'onezana kuti kwa a Makwinja kwatera mbalame ya magazi pachifuwa, yotumidwa, yokhala ndi nambala. Masana tinangoona anthu akulowa pakhomo pathu, akadali mu zovala za kutchalitchi, patsogolo pali mkulu wa mpingo, a Malizani, atakwapatira buku lawo lakuda m'khwapa.

“A Makwinja, mwasunga chiyani pakhomo pano? Tulutsani.”

Bambo anandiyang'ana, ndipo ine ndinakaitenga. Ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero: ndinaitenga ndi manja anga. Inali itayamba kupeza mphamvu, ikukupiza mapiko onse awiri. Ndinaipereka ndikuganiza kuti akulu akaiona aikonda.

A Malizani anaiwala magalasi awo tsiku limenelo. Anatambasula mkono kutali, natsinzinira diso limodzi, koma ndikhulupirira kuti sanawerenge ngakhale chilembo chimodzi.

“Nambala!” anatero. “Abale, simunawerenge kodi? Chizindikiro cha chilombo chimayamba chonchi. Satana sagona. Lero wayamba ndi mbalame, mawa ndi ana anuwa.”

“Akulu,” anatero bambo motsitsa mawu, “Che Amidu akuti ndi za anthu ophunzira a ku Joni.”

“Che Amidu? Ndiye Mkhristu wobatizidwa, tsiku la Pasaka, akafunse wa kumzikiti kuti amumasulire Malemba? Kodi Malemba ndi tcheni cha njinga?”

Anthu anaseka. Nthawi yomweyo Che Amidu anali atafika pa mpanda, pensulo ili kukhutu, kapepala kali m'dzanja. Anamva zonse. Sanakweze mawu.

“Akulu, Malemba anu ine sindikuwakhudza. Ndikungoti kambalameko katopa, kachokera kutali. Mwanayu wakasamalira masiku atatu. Kasiyeni kazipita, simukaonanso.”

“Kazipita kuti kakagwetsere ena tsoka?” anayankha a Malizani. “Inu pitani mukapope matayala.”

“Kalibe tchimo!” ndinakuwa ine. Amayi ananditsina pamkono mpaka chikhadabo kulowa. Ndinayang'ana bambo. Ndinkadziwa kuti akudziwa zoona, chifukwa dzulo lake lomwe ankagwedeza mutu kuvomereza zonse zomwe Che Amidu ankanena. Pakhomo panali pawo, mbalame inali ya mwana wawo, mawu amodzi okha akanakwana. Koma ankaopa kuimitsidwa pa mgonero ndi kutchulidwa dzina kutsogolo kwa mpingo. Anayang'ana nsapato zawo.

“Chitani monga mwaonera, akulu.”

A Malizani anaipotoza khosi kamodzi mbalameyo. Sipanamveke ngakhale phokoso. Anyamata a kwaya anasonkha moto wa mapesi, ndipo anaiponya pamenepo, anthu n'kuyamba kuimba kolasi ya chigonjetso akuomba m'manja. Fungo la nthenga zopserera linadzaza bwalo lonse. Moto utazilala anafukula kamphete kaja ndi ndodo, anakaphwanya ndi mwala, n'kukakaponya m'chimbudzi. Palibe anakopera manambala. Che Amidu anapinda kapepala kawo, anakaika m'thumba, n'kubwerera kwawo osatsazika. Lolemba ndinapita kudambo ndi manja opanda kanthu. Anzake aja anali akadalipo, akujompha matope. Lachitatu anali atapita onse.

Ine ndakulira mu mpingo, ndakalambira mu mpingo, ndipo ndidzaikidwa ndi nyimbo za mpingo. Chifukwa chake ndili ndi ufulu wokwiya. Buku lomwe a Malizani anakwapatira tsiku lija ndi lomwelo limatiuza kuti palibe kambalame kamagwa pansi Atate osadziwa. Ndi lomwelo mneneri analozamo mbalame zoyenda maulendo, n'kudzudzula anthu kuti izo zimadziwa nyengo yake pamene iwo sadziwa njira za Mulungu wawo. Ndi lomwelo limalamula kuti mlendo tisamuzunze. A Malizani ankazidziwa zonsezi, ndinawamvapo akuzilalikira bwino lomwe. Koma tsiku limenelo mantha ndi amene anawatsegulira tsamba, ndipo tonse tinati ameni. Pa anthu onse amene anaima pabwalo paja, amene analankhula mawu a chifundo anali mmodzi, ndipo tinamuthamangitsa chifukwa cha kachisoti ka pamutu pake. M'mawa tinaimba za Wosalakwa amene anaphedwa khamu likukuwa, wolamula atasamba m'manja. Masana tinabwereza zomwezo pa kanthu kolemera ngati chitsononkho, osachita nazo manyazi.

Bambo ndinawakhululukira asanamwalire. Iwo eni ndi amene anayambitsa nkhaniyo, ali chigonere, akuti, “Esinati, kambalame kako kaja.” Sanapitirize, ine sindinawakakamize. Koma kukhululuka si kunena kuti zinali bwino.

Zaka zambiri pambuyo pake mwana wanga wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi ku Chileka, anandifufuzira pa foni nditamulongosolera maonekedwe ake. Chithunzi chitatuluka ndinachizindikira nthawi yomweyo: mlomo wopindika uja, chifuwa chofiira chija. Dzina lake la Chingerezi lilime langa limakana. Anandiwerengera kuti mbalame imeneyi imaikira mazira kumpoto kwenikweni kwa dziko la Russia, kuchipululu kopanda mitengo, komwe madzi oundana amasungunuka kwa miyezi yochepa chabe. Kukayamba kuzizira imauluka, zina kubwera kuno ku Africa mpaka kunsonga ya kummwera, zina ku India, zina mpaka ku Australia, kenako n'kubwerera, chaka ndi chaka. Kufiira kuja, kumene azimayi ankati ndi magazi, ndi chovala chake cha nyengo yoswana. Inali paulendo wobwerera kwawo kukaikira mazira. Kanthu kokwana m'dzanja la mwana, kopanda mapu, kodziwa njira yomwe ndege za pa Chileka zimafunika makina kuti ziidziwe. Ndinavula mpango n'kuugwira pakamwa. Ngati pamwendo paja panali chizindikiro cha wina, pa mapiko paja panali dzanja la Mlengi, ndipo ife tinasankha kuona chitsulo.

Kenako mwana wanga anatsitsa chala pa foni n'kupitiriza kuwerenga. Anati mbalameyi tsopano ili pa mndandanda wa zolengedwa zomwe zikuchepa ndipo zili pangozi yoti zingathe. Osati chifukwa cha akulu a mpingo opotoza makosi. Chifukwa chachikulu n'chakuti ulendo wautali chotere umafuna malo opumira, ndipo m'maiko ambiri malo a matope m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo akukwiriridwa, akuumitsidwa, akumangidwapo. Mbalame imafika italema pamalo pomwe makolo ake ankadyera, n'kupeza simenti.

Ndikanakonda kuloza chala maiko akutaliwo, koma sindingathe. Masiku ano palibe amaopa nambala. Tonse tili nazo, pa chiphaso, pa foni, pa khadi la kuchipatala, ndipo zidzukulu za a Malizani zimaima pamzere kukazilembetsa. Mwana wa lero atagwira mbalame ya mphete angaijambule n'kutumizira anzake, ndipo palibe angasonkhe moto. Pamenepo tapita patsogolo, ndikuyamika. Koma mwanayo akaigwira kuti? Dambo lathu lija kulibe. Anayamba ndi ngalande zoumitsa madzi, kenako anthu oumba njerwa anakumba maenje, mitengo ya m'mphepete inathera m'mauvuni, ndipo tsopano kumtunda kwake ayamba kudula mapuloti.

Tchalitchi chathu chatsopano, chachikulu, cha malata ofiira, tinachimanga ndi njerwa za m'dambo momwemo. Ine ndinali m'gulu la amayi osenza. Ndinasenza zinayizinayi pamutu kwa milungu itatu, ndikuimba, osaganiza kamodzi komwe kuti ndikusenza mbale yodyeramo alendo aja a m'matope. A Malizani anapha mbalame imodzi, ndipo iwo mwina tingati ankaopa. Ife tinachotsa malo a zonse tilibe mantha alionse, tikuyamika Mulungu. Lamulungu lililonse ndimakhala pafupi ndi khoma limenelo, ndipo ikafika nthawi youlula machimo chamumtima, anzanga amadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndimakhala womaliza kudzutsa mutu.