Phazi la a Elube

Mukafunsa ku Kawale kuti a Elube ndi ati, akuuzani kuti ndi mayi wamtali uja ankagulitsa nyemba ndi nsinjiro kumsika, yemwe kwa zaka makumi awiri ankayambitsa nyimbo pamaliro alionse a mumpingo mwathu. Amenewo ndi akulu anga. Ine ndine Pauline, wopondana nawo, ndipo matenda othamanga magazi ndili nawowa anandipatsa ndi iwowa.

Anabwera m'tauni muno kuchokera ku Dowa mwana ali kumsana, kutsatira amuna awo amene ankalondera pasitolo ina. Amunawo anamwalira. Mwa ana asanu, awiri anatsatira bambo awo. Chaka china nyumba inagwa ndi mvula. Zonsezi anazipirira, ndipo pamenepo sindiwanena, chifukwa mavuto otero palibe amene angawauze kuti bwererani. Koma m'menemo ndi momwe anatolera mawu akuti "Mkhristu ndi mtanda wake," mpaka chilichonse chinasanduka mtanda. Dzino likabooka, mtanda. Denga likadontha, mtanda, chonsecho mmisiri ali nyumba yachitatu kuchokera pawo.

M'gulu la amayi a mpingo, aja ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, malo awo anali patsogolo penipeni. Mtembo ukamatuluka m'nyumba, onse ankadikira pakamwa pa a Elube. Ndiye mu Febuluwale chaka chatha, tili kumanda, anaponda waya wa nkhata yakale ya maluwa. Wayayo anaboola nsapato n'kulowa pansi pa chala chachikulu. Achipatala anali atawauza kalekale kuti ali ndi matenda a shuga, ndipo kabala kalikonse ka kuphazi azithamanga nako. Iwo anangotsuka ndi madzi amchere, kukulunga kansanza, kuvala sokosi.

Patatha sabata ndinawapeza akutsimphina.

"Akulu, phazilo latani?"

"Si kanthu, kabala chabe."

"Mawa tipite kuchipatala. Pakabaza ndi pafupi pomwepa."

"Mawa kuli maliro ku Biwi. Akayambitse nyimbo ndani?"

"Anzanu onse aja alibe pakamwa?"

"Iwe Pauline, Ambuye anakwera phiri mtanda uli paphewa. Ine ndilephere kuyenda chifukwa cha kabala?"

Ndinawauza kuti Ambuye ankasenzera anthu, nanga chala chanucho chikawola chipulumutsa ndani? Anati ndili ndi pakamwa pachikunja.

Chimene ankaopa kwenikweni ndinkachidziwa. Kwathu kutchalitchi, Lamulungu amawerenga mayina a odwala. Dzina lako likangomveka, Lachinayi amayi amabwera kunyumba kwako, kukukhazika pamphasa, kukuimbira, kenako n'kukuuza kuti uyambe wapuma pa ntchito za gulu. A Elube zaka zonsezi ndiwo ankazonda ena. Zoti iwo akhale pamphasa wina aziwayambitsira nyimbo, kunali bwino phazi liwole.

Amayi a gululo nawonso anandinyansa. M'malo mowafunsa kuti mukutsimphiniranji, ankawachemerera. Wapampando wawo, Amayi Chisankho, anaimirira pamaliro a ku Biwi aja n'kunena kuti, "Taonani chitsanzo, amayi anzanga. A Elube ali ndi ululu koma ali patsogolo. Inu mutu ukangowawa pang'ono mwagona." Akulu anga anaweramitsa nkhope ngati akuchita manyazi, koma ine ndinaona kuti zawatsekemera. Kuyambira tsiku limenelo ankakakamiza phazi lotupalo kulowa munsapato ya yunifomu, mano ali gwa.

Zitandikwana ndinapita kwa a Gilford, mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wofatsa amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Anabwera madzulo a tsiku lotsatira, nakhala pakhonde.

"Amayi," anatero kwa akulu anga, "mtanda ndi chimene simungachithawe, kapena chimene mwachisenzera mnzanu. Ichi ndi chilonda. Amene anakupatsani mawu oimbira ndi yemwenso anapatsa madokotala nzeru."

"Ndamva, abambo," anayankha atagwada, nawapatsa tiyi.

A Gilford atangokhota pakona, moto unabuka pa ine. Akuti ndawavula pamaso pa akuluakulu, akuti ndili ndi nsanje chifukwa ine sindidziwa kuimba, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo. Kamba amanyeradi amene wam'tola. Nanenso mtima ndi wa bambo athu omwewo. Ndinatola chikwama changa n'kunena kuti chabwino, mudzamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinanyanyala masabata awiri athunthu. Minibasi ikamadutsa pamsika wa Kawale ndinkayang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti ululu ukawakwana adzandiitana okha.

Amene anandiimbira foni ndi Irene, mnzawo wogulitsa nawo moyandikana. Anati a Elube agwa pabenchi masana dzuwa likuswa mtengo, thupi lili ngati mbaula, ndipo fungo lakhala likuthamangitsa ogula kwa masiku atatu.

Kuchipatala nesi anachita kudula nsapato ndi lumo. Sindifotokoza zonse zimene ndinaona. Zala zitatu zinali bii ngati makala. Dokotala, mtsikana wamng'ono kuposa mwana wanga woyamba, anayang'ana phazi, nayang'ana ine.

"Inu ndinu m'bale wawo?"

"Mng'ono wawo."

"Mukanabwera nawo masabata awiri apitawo, tikanachotsa chala chimodzi basi."

Anadula pansi pa bondo.

Panopa a Elube amakhala kwa ine. Dzina lawo linawerengedwa, ndipo Lachinayi lina amayi aja anabwera, kuwakhazika pamphasa. Amayi Chisankho anayala bwinobwino kuti Mulungu amayesa amene amawakonda. Ine ndinali kukhitchini, ndipo mapoto anga anamveka mpaka kumsewu. Kodi ndi Mulungu anakakamiza phazi kulowa munsapato? Kodi ndi Mulungu ankaombera m'manja munthu akutsimphina? Tikalakwitsa tokha timathamangira kum'pachika Iyeyo, ndiye tizidzati kuvutika n'kopatulika. Akulu anga, amene kale akanavomereza mokweza, tsiku limenelo anangoyang'ana pansi.

Loweruka lapitali maliro anadutsa mumsewu wathu, lole ikuyenda pang'onopang'ono, amayi oyera mitu ali pambuyo. A Elube anali pakhonde, lichero la nyemba lili pamiyendo, akusankha. Wina anayambitsa nyimbo.

"Ayambira pamwamba," anatero a Elube. "Sakafika nayo."

Ndipo anadzuka. Anadzuka monga ankadzukira kale, ataiwala. Anagwa chammbali, nyemba mbwee khonde lonse. Ndinathamanga ndikukalipa, ndodo zanu zili apa simukuziona, mukufuna muthyolenso mwendo wotsalawu kuti mundimalize? Ndikuwadzutsa anandigwira mkono mwamphamvu, osandisiya. Sankalira.

"Pauline," anatero chapansipansi, "iwe umandidziwa kuti ndine wamakani chibadwire. Masabata awiri aja unali kuti?"

Ndinawakhazika pampando, n'kugwada pansi kuyamba kutola nyemba.